Zala Zinayi za Amayi

Amayi ankadana nako kujambulidwa. Ukangokweza foni, iwo ankakoka mpango n'kudziphimba kumaso, kwinaku akufunsa ngati asanduka njovu yoti alendo aziionera. Tinayesa pa Khirisimasi, tinayesa pa ukwati wa mng'ono wanga, koma zomwe tinapeza ndi zithunzi za mpango, za msana, ndi china cha chigongono. Chiphaso chawo cha unzika chinapita ndi munthu wina amene anasonkhanitsa ziphaso m'mudzi mwathu kwa Kanduku, ati akawagulire feteleza wotsika mtengo, ndipo sanabwerenso. Motero nkhope ya amayi inali pa chithunzi chimodzi chokha padziko lonse lapansi.

Chithunzicho chinajambulidwa pa msika wa Thambani ine ndisanabadwe, ndi ojambula aja ankayenda pa njinga kamera ili m'khosi. Abambo akhala pampando, miyendo apingasa ngati bwana. Amayi aima pambali pawo, avala diresi la maluwa, dzanja lawo lili paphewa la abambo. Sakuseka, koma ukayang'anitsitsa pakamwa pawo umaona kuti akudziletsa. Chala chawo chamkombaphala n'chokhota, chifukwa musi unachiphwanya ali mtsikana.

Vuto la chithunzicho linali abambowo. Anachoka ndili Sitandade 5, ati akukachita geni ku Zobuwe, tsidya lina la malire, ndipo geniyo inasanduka banja. Sanalembe kalata, sanatumize ngakhale sopo. Ine ndine woyamba kubadwa, ndiye ndinaona zonse, ndipo ndinakula ndi mkwiyo umene mpaka lero sunandithere bwinobwino. Ndikachiyang'ana chithunzicho, diso limodzi linkalira, lina linkapsa mtima.

Ndili ndi kashopu pa boma la Mwanza, kufupi ndi pokwerera minibasi. Ndimatayipa makalata, kupanga fotokope, kupulinta, kuthandiza anthu ofunsira ntchito. Kwathu amanditenga ngati katswiri wa makompyuta, ndipo ine sindinawatsutsepo. Nditangogula sikana, chinthu choyamba kuikapo chinali chithunzi cha amayi. Ndinachisunga mu laputopu, n'kuchikoperanso mu fulashi. Fulashiyo ndinkaisiya yobaya m'mbali mwa laputopu usana ndi usiku, poopa kuti ndikaiika patebulo makasitomala aitola. Ndinkadziona wochenjera kwambiri pochita zimenezo.

Amayi anamwalira mu Januwale, mvula ili pakati. Pa maliro, mng'ono wanga ndiye anatsogola kunyamula chithunzi chija, titachimata pakatoni, mbali ya abambo titaiphimba ndi pepala loyera. Tili kumanda mvula inakhuthuka. Pomwe azibambo ankamaliza kukwirira, chithunzi chinali chitanyowa, utoto ukuyenderera, nkhope ya amayi itayamba kusungunuka. Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa malemuwo, anachilanda n'kuyamba kuchipukuta ndi chitenje, ati akachiyanike mwina chingapole. Ine ndinawaletsa.

"Chisiyeni, amayi. Ndili nacho mu kompyuta."

Anandiyang'ana, kenako anachigoneka pakati pa nkhata za maluwa pamtumbira, ndipo tinabwerera kumudzi. Mawu amenewo ndinawanena mosaganiza n'komwe, ngati mmene umanenera kuti mchere ulipo kunyumba.

Miyezi yotsatira mng'ono wanga, amene anakwatiwa ku Thambani, ankandipempha kawirikawiri kuti ndimutumizire chithunzicho pafoni. Ndinkakana. Sindinkafuna kuti nkhope ya munthu uja iziyenda m'mafoni a abale ngati kuti anali mwamuna wabwino. Ndinkamuuza kuti adikire, ndidzatumiza ndikawachotsamo abambo. Anapempha mwina kasanu, kenako anatopa. Pa zonse zimene ndinalakwitsa, ichi ndi chimene chimandiwawa kwambiri.

Chaka chotsatira, anthu atakolola mtedza, amalume anaitanitsa mbumba yonse kuti tikambe zomanga chiliza. Anagawa ntchito: awa simenti, awa mbuzi, awa kuitana kwaya. Ine anandipatsa matisheti, oti aliyense adzavale pa tsiku lovundukula chiliza, nkhope ya amayi ili pachifuwa. Amayi aang'ono anawonjeza kuti koma munthu uja asaonekepo, sangavale mlamu wothawa banja pamtima pawo. Anthu anaseka. Ine ndinati imeneyo ndi ntchito ya mphindi khumi.

Sinali ya mphindi khumi. Kuchotsa munthu pachithunzi mwaukhondo kumafuna pulogalamu yake, ndipo imene ndinkaidziwa ndi yotchuka ija, yolipira ndi madola mwezi ndi mwezi kudzera pa kadi ya ku banki. Ine kadi yotero ndinalibe. Ndinadandaulira bambo wa shopu yoyandikana nane, amene amaika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni a anthu, ndipo anandiseka. Anati kuno ndani anagulapo pulogalamu? Zoona zake ankanena. Ngakhale imene ndinkatayipira inachokera mu fulashi ya mnzanga, iye anaitenga kwa mlamu wake, mlamuyo kaya kwa yani. Mapulogalamu kwathu kuno timapatsana ngati moto, wina akakoleza onse amakapala, ndipo palibe amafunsa kuti nkhuni zinachokera kuti. Anandiuza mawu oti ndilembe pa intaneti kuti ndipeze yothyola kale loko, yosafuna ndalama.

Linali Lachiwiri masana, dzuwa likuswa mtengo, mathiraki atandandalika mumsewu kudikira za pamalire. Ndinagula bandulo yaikulu n'kuyamba kusaka. Tsamba limene ndinapeza linali ndi mabatani obiriwira anayi, lililonse likuti dinani pano. Loyamba linanditengera ku njuga, lachiwiri ku zithunzi zoti ndinatembenuza laputopu msanga kuopa makasitomala. Munthu wanzeru akanabwerera pomwepo. Ine ndinadina lachitatu, ndipo chinthu chinayamba kutsika.

Chitangofika, antivairasi, mlonda uja amakhala mu kompyuta, anachigwira n'kuchitaya, n'kundilembera chenjezo lofiira. Bandulo yanga inapita pachabe. Ndinapsa mtima, n'kukokanso kachiwiri, ndipo anachitayanso. Pamenepo ndinabwerera pa tsamba lija n'kuwerenga malangizo ake. Analemba mwaulemu ndithu, m'Chingerezi chosavuta: muyambe mwazimitsa antivairasi, chifukwa amanama, amadana ndi zinthu zaulere basi.

Taganizani. Mlendo wafika pakhomo, galu akuuwa, mlendoyo n'kukuuza kuti mangirira galuyo kuseri kuti ndilowe bwino. Kumudzi ngakhale mwana sangavomere. Koma ine, katswiri wa kwa Kanduku, ndinamukwiyira galuyo. Ndinalowa m'makonzedwe a laputopu, n'kumuzimitsa ndi dzanja langa, ndipo atandifunsa ngati ndatsimikiza, ndinati eya.

Chopweteka n'chakuti pulogalamuyo inagwira ntchito. Inatseguka bwinobwino, yokongola, zida zonse zilimo. Ndinaika chithunzi chija n'kuyamba kufufuta. Ndinachotsa nsapato za abambo, miyendo yopingasa ija, mpando, mimba, ndipo sindibisa, ndinkamva kukoma. Nditafika paphewa ndinaima, chifukwa pamenepo panali dzanja la amayi, ndipo sindinadziwe kuti ndichotsa bwanji phewa popanda kusiya zala zili lende m'malere. Kunabwera mayi wina wofuna fotokope ya makadi a sikelo, kenako mphunzitsi wa mayeso oti nditayipe, ndipo ndinati ndidzamaliza mawa. Laputopu inali ikutentha, fani yake ikulira ngati chigayo, ikuchedwa kutsegula chilichonse. Ndinati ndi kutentha kwa chilimwe.

M'mawa mwake ndinatsegula shopu, kusesa, kuyatsa laputopu. Mafayilo onse anali atasanduka timapepala toyera, lililonse lili ndi kamchira ka zilembo zachilendo kumapeto kwa dzina lake. Ndinadina kalata ya kasitomala, yosatseguka. Ndinadina mayeso a aphunzitsi aja, osatseguka. Ndinapita pa chithunzi cha amayi, ndipo nachonso chinakana. Ndinadzilimbitsa mtima kuti fulashi ilipo. Ndinaitsegula. Inali chimodzimodzi, chifukwa inagona yobaya momwemo, ndipo chimene chinalowa mu laputopu chinangodutsa n'kulowanso mmenemo.

Pakati pa sikirini panali kalata. Inati mafayilo anga onse atsekedwa, kiyi wake ali kwa olemba kalatayo, ndipo ndikafuna kuwaonanso ndilipire madola mwa ndalama ya pa intaneti imene sindinaionepo, masiku atatu asanathe. Kumapeto analemba kuti zikomo. Ndinakhala pampando mpaka bambo wa nyimbo uja anasuzumira n'kufunsa ngati kwagwa zovuta kumudzi. Ataona sikirini anangogwira pakamwa, n'kunena kuti iye sizinamuchitikirepo. Ndinamutukwana mawu amene sindingawalembe pano, chonsecho amene anazimitsa mlonda ndine.

Tsiku lomwelo ndinakwera minibasi ya ku Blantyre, laputopu nditaikumbatira pachifuwa. Ku Limbe anandilozera kwa mmisiri wina wachikulire, wofatsa, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Anayang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anandifunsa mafunso atatu. Kodi antivairasi anali woyaka? Kodi fulashi inkakhala kuti? Kodi chithunzicho ndinatumizirako wina aliyense, pafoni kapena pa imelo? Pa funso lililonse yankho langa linali lochititsa manyazi kuposa loyamba. Sanandinyoze, ndipo ndikanakonda akanandinyoza.

Anandifotokozera kuti anthu othyola maloko a mapulogalamu sachita zimenezo chifukwa chotikonda. Pulogalamuyo ndi nyambo, mbedza ili m'kati. Ena amatseka mafayilo monga anandichitira ine, ena amaba manambala achinsinsi mwakachetechete osadziwika mpaka kalekale. Anati chithunzi changa sichinafufutidwe, chili momwemo, koma chatsekeredwa m'njira yoti iye sangathe kutsegula. Ndinamuuza kuti ndigulitsa makina a fotokope ndiwalipire anthuwo. Anapukusa mutu.

"Mayi, mukufuna mukhulupirirenso munthu yemweyo? Akalandira n'kukhala chete, mukamusumira kuti?"

Anachotsa diski ya m'kati n'kundipatsa m'manja, nati ndiisunge pouma, chifukwa nthawi zina patapita zaka akatswiri amapeza kiyi wa kachilombo ka mu kompyuta ka mtundu umenewu n'kumugawa. Sanandilonjeze. Anaika diski ina, n'kundiuza kuti ndisinthe manambala onse achinsinsi, ndipo chinthu chofunika ndizichisunga malo atatu, amodzi akhale otalikirana ndi laputopu. Kenako anandisonyeza pulogalamu ina yokonzera zithunzi, yaulere mwachilungamo, yoti eni ake amaigawa okha pa tsamba lawo, yotha kuchita ntchito yonse imene ndinkafuna. Inalipo nthawi yonseyi. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya lonse. Ndinalira mu minibasi kuyambira pa Chileka mpaka kuwoloka Shire.

Makasitomala ndinawapepesa, ndipo zambiri ndinatayipanso. Zimenezo zinali zotheka. Chosatheka chinali kupita kwa Kanduku, ndipo ndinazengereza sabata yathunthu. Usiku ndi usana ndinkayesa kuikumbukira nkhope ya amayi, ndipo ndinachita mantha nditaona kuti ikundithawa. Mawu awo ndinkawamva, kayendedwe kawo ndinkakaona, koma pamaso pankangobwera mpango uja.

Nditapita, ndinawapeza amalume ndi amayi aang'ono akusenda mtedza pakhonde. Ndinakhala pansi n'kufotokoza zonse, osabisa za mlonda. Amalume sanamvetse za kiyi ndi madola, koma anamvetsa kuti nkhope ya mlongo wawo kulibe, ndipo anangoyang'ana kuphiri. Amayi aang'ono sanandikumbutse zimene ndinanena kumanda. Anapitiriza kusenda, kenako anati wojambula uja ankatsuka zithunzi ziwiriziwiri. China chinatsala ndi achemwali awo, china chinapita m'chikwama cha alamu awo tsiku limene ankachoka.

Ndinati kumeneko sindingapondeko. Amalume anayankha osanditembenukira kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndinawoloka malire Loweruka m'mawa, ndi kachikalata ka tsiku limodzi. Ku Zobuwe ndinafunsa m'misika mpaka wa kabaza wina anawadziwa, nanditengera kumudzi wina kuseri kwa phiri. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikawalase nawo. Koma amene ndinamupeza anali nkhalamba yowonda, itakhala pansi pa mtengo wa mango ikumata chubu cha njinga. Ndinagwada patali n'kupereka moni ngati mlendo. Nditatchula kwathu ndi dzina la amayi, chubu chinawapulumuka m'manja.

Anati za maliro anamva mochedwa, ndipo anachita manyazi kubwera. Akazi awo, mayi wamtali woyankhula Chinyungwe, anandibweretsera madzi m'kapu n'kubwerera kukakhala pakhomo la khitchini. Ndinanena chimene ndinadzera mwachidule, ngati ndikugula chinthu mu golosale. Abambo anadzuka movutikira n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi Baibulo lakale lopanda chikuto, natulutsa kanthu pakati pake, koma anachedwa kundipatsa.

Chinali theka. Abambo anali pomwepo, pampando, miyendo apingasa, nkhope yonse yowala bwino. Mbali ya amayi inali itadulidwa ndi lezala, mzere wowongoka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anati akazi awowo anachipeza chaka choyamba cha banja lawo, ndipo mbali inayo inapita pamoto.

Ndinatembenukira kukhitchini kuja, mawu ali kale pamilomo, ndipo mayiyo anaweramitsa nkhope. Koma mawuwo sanatuluke. Ndinakumbukira Lachiwiri lija, mmene ndinkafufutira nsapato, miyendo, mimba, ndikumva kukoma. Ntchito imene ine ndinaitayira chilichonse, mayiyu anaigwira kalekale ndi lezala la pa okala, kungoti iye anayambira mbali inayo.

Ndinayang'ananso chithunzicho, ndipo m'pamene ndinaziona. Paphewa la abambo, m'mphepete mwenimweni mwa podulidwa, panali zala zinayi. Chamkombaphala chinali chokhota.

"Ankafuna adulenso pamenepo," anatero abambo motsitsa mawu. "Ndinakana. Ndinati mukadula zalazo mudula phewa langa."

Sindinawakhululukire tsiku limenelo, ndipo sindinama kuti ndinatero. Ndinapempha chithunzicho, iwo anavomera, ndipo ndinamwa madzi aja n'kutsanzika. Anandiperekeza mpaka pamsewu akukankha njinga yopanda chubu, sindikudziwa chifukwa chake.

Matisheti tinapanga a mawu okhaokha, dzina la amayi ndi vesi. Anthu ena ochokera kutali ankafunsa kuti bwanji palibe nkhope, poti masiku ano aliyense amaika, ndipo mng'ono wanga ankawayankha kuti malemuwo sankakonda kujambulidwa. Anandiphimba, chonsecho ine ndinamumana. Mwambo utatha, anthu akubalalika, ndinawapatsa amayi aang'ono theka lija kuti alione. Anaphimba nkhope ya alamu awo ndi chala chachikulu, n'kuyandikitsa chithunzicho kumaso, nayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi achemwali awa," anatero.

Diski ija ili m'sutikesi, ndinaikulunga mu mpango wa amayi. Miyezi ingapo ikapita ndimamuimbira mmisiri wa ku Limbe kufunsa ngati kiyi wapezeka, ndipo amandiyankha mofatsa kuti ayi, sanapezeke. Ku shopu, munthu akabwera ndi fulashi kuti ndimugawireko pulogalamu, ndimakana, ndipo ena amati ndayamba kudzimva. Akakhala ndi nthawi ndimawasonyeza zaulere zenizeni ndi kumene zimachokera. Akandiuza kuti antivairasi wawo akuvuta, akukana chinthu chabwinobwino, ndimawauza kuti amumvere, ndipo nthawi zina mawu anga amakwera kuposa mmene nkhaniyo ikufunira.

Theka lija ndinaliika pa sikana tsiku lomwe ndinabwera nalo. Lili mu laputopu, lili mu fulashi imene imagona m'kabati kunyumba, lili pa imelo, ndipo mng'ono wanga ndinamutumizira asanapemphe. Lenilenilo ndinaliika m'galasi, lili pakhoma la kuchipinda. Pulogalamu yochotsera anthu pazithunzi ndili nayo tsopano, yabwino, yosaba, ndipo ndimaidziwa bwino. Koma pa chithunzi ichi sindinaigwiritsepo. M'mawa uliwonse ndimadzuka n'kuonana ndi nkhope ya munthu amene ndinkafuna kumufufuta, yathunthu, yosasowa kanthu, ndipo ndimaisiya momwemo chifukwa zala za amayi zilibe pena pogwira.